Mtovu M'bandeji ya Zaidi

Ku Liwaladzi, mukatsika pa msewu wa M5 n'kulowera chakunyanja, panali nyumba ya malata ya bambo Usman, katswiri wokonza maukonde. Khomo limenelo linali la mtendere. Bambowo sankamwa, sankatukwana, ndipo ukonde wa munthu ukabwera wong'ambika unkabwerera kwa mwini wake pa tsiku lomwe anapangana. Akazi awo, mayi Habiba, ankagulitsa mpunga pamsika. Ana a m'nyumbamo ankadziwa kuti kuitana kukamveka ku mzikiti, zina zonse zimayamba zaima.

Mwana wawo woyamba, Zaidi, anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mulungu anamupatsa miyendo italiitali, koma anamupatsanso mtima wosafuna kugonja. Atalemba mayeso a Fomu 4 anapempha kulowa kalabu ya masewero a nkhonya ndi mateche, amene anyamata amangoti kikibokosi. Wophunzitsa kalabuyo anali a Steward, mphunzitsi wa ku pulayimale, mkulu wa mpingo wa Angilikani, munthu wamfupi wa mawu ochepa.

Bambo Usman sanavomere msanga. Anavala kofia yawo n'kupita ndi mnyamatayo kukaonana ndi a Steward.

"Aphunzitsi, ine mwana wanga sindinamulelere ndewu," anatero.

"Si ndewu, bambo. Ndewu ilibe malamulo," a Steward anayankha. "Kuno sitimenya kunkhongo, sitimenya kunsi kwa lamba, ndipo wagwa sitimukhudza. Woyimbira akati basi, ndi basi. Asanamenyane amakwera sikelo kuti akumane ofanana kulemera. M'manja mumangokhala bandeji ndi tepi. Woyendera amagwira dzanja lililonse, n'kusayina pamwamba pa bandejiyo. Akasayina, palibe chowonjezera."

"Nanga wina akawonjezera?"

"Ameneyo si wosewera, ndi chigawenga. Amachotsedwa moyo wake wonse."

Bambo Usman anacheukira mwana wawo. "Wamva? Ndakulola chifukwa cha malamulowo. Tsiku limene udzawaphwanye, udzakhala wandinamiza ine."

Zaidi anamenya kasanu ndi kawiri, ndipo konseko anapambana. Ku Bua, ku Mwadzama, mpaka pa boma, dzina lake linayamba kumveka. Akamadutsa padoko asodzi ankasiya ntchito n'kumukuwira. Mnyamatayo anayamba kuyenda ngati nthaka ndi ya bambo ake.

Kenako anapita ku Dwangwa kukakumana ndi Lewis, mnyamata wofatsa woyendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe. Mu raundi yachiwiri Zaidi anaponya theche, ndipo chotsatira chimene anakumbukira ndi denga la holo komanso woyimbira akumaliza kumuwerengera kuti, "Teni!" Nkhonya yomwe inamugwetsayo sanaione n'komwe.

Lamulo limati wogwetsedwa chotero apume masiku makumi atatu osavala magolovesi. A Steward anamuuza kuti akapuma akonzekere, chifukwa pakatha miyezi iwiri adzakumananso ndi Lewis pa boma. Wopambana pa tsikulo ndiye adzapite ku Lilongwe kukaimira boma lonse la Nkhotakota pa mpikisano wa dziko. Malo anali amodzi okha, ndipo Zaidi ankawafuna kuposa china chilichonse.

Masiku opumawo ndi amene anamuwononga. Posowa chochita, anayamba kumakhala pakhonde la malo ometera pa msika. Pamenepo ndi pomwe pankaswera Ramsey, amene kale anali m'kalabu yomweyo koma a Steward anamuthamangitsa atamenya mnzake theche ali pansi. Ramsey anali ndi lilime lozuna, ndipo sankanena chinthu mwachindunji. Iye ankangofunsa mafunso.

"Mphwanga, tabwera ndione chibwanocho," anatero tsiku lina. Anachigwiragwira n'kupukusa mutu. "Ayi. Iyi si nkhonya ya munthu."

"Mukutanthauza chiyani, achimwene?"

"Ine sindinanene kanthu. Ndingofunsa: bandeji ya Lewis unaiona ndi maso ako?"

"Woyendera anasayina."

"Woyendera wake uti? Uja ankacheza naye Chitonga kuseri kwa holo, akuseka? Iwe Chitonga umamva?"

Zaidi anatsanzika. Pobwerera kunyumba anayamba kukumbukira zinthu. Inde, Lewis ankasekadi ndi woyendera uja. Inde, nkhonya zitatha magolovesi ake anawavula msangamsanga. Ndipo n'chifukwa chiyani pomupepesa sanamuyang'ane m'maso? Zonsezi dzulo lake zinali zopanda kanthu, koma tsopano chilichonse chinali ndi tanthauzo. Chinanso, ganizolo linkamukomera. Kuberedwa kunali kopepuka kusenza kusiyana ndi kugonja.

Masiku atakwana anabwerera ku kalabu ndipo anafunsa a Steward.

"Aphunzitsi, m'manja mwa Lewis munali chiyani?"

"Munali zala," a Steward anayankha. "Ndinalipo pomumanga bandeji, monga mmene kochi wake analiponso pomanga yako. Wakuuza zimenezo ndani?"

"Palibe."

"Ngati ndi Ramsey, thawa. Khala pansi ndikuonetse pomwe unalakwitsa."

"Ine sindinalakwitse paliponse," Zaidi anatero, n'kupita kukamenya thumba.

Mawa lake anakafotokozera Ramsey, ndipo Ramsey anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Umayembekezera kuti anena chiyani? A Steward amapemphera kuti? Nanga Lewis amapemphera kuti? Mpingo umodzi, mphwanga. Ukuganiza kuti angakonde kuti ku Lilongwe kupite mwana wa Usman?"

Apa ndiye mutu wa Zaidi unasokonekeratu. Munthu amene anamuphunzitsa kuima, kutchinga ndi kupuma kwa zaka ziwiri popanda kupempha ngakhale nsomba imodzi, anasanduka mdani tsiku limodzi. A Steward akamuuza kuti apume, ankati akufuna afooke. Akamuuza kuti athamange, ankati akufuna atope. Madzi a m'chigubu cha kalabu anasiya kumwa, ankabwera ndi botolo lake n'kumalibisa m'chikwama.

Mayi Habiba anaziona. Tsiku lina m'mawa akupeta mpunga anamuitana.

"Iwe Zaidi, Ramsey ameneyu wakhala liti mnzako?"

"Ndi yekhayo amene amandiuza zoona, amayi."

"Zoona zake ndi zoti aliyense ndi mdani wako? Aphunzitsi ako aipa, a ku Dwangwa aipa, wabwino watsala yekha iyeyo? Mwananga, munthu amene akukupatula kwa anthu onse akufuna akudye yekha. Dzana wabweza nthochi za mayi Julia, oyandikana nafe nyumba amene anakubereka kumbuyo uli khanda. Ndinachita manyazi ine."

"Simungazimvetse za masewerowa, amayi."

"Za masewero sindizidziwa. Koma mwana wanga ndikumudziwa, ndipo uyu amene akuyenda m'nyumba muno akuunguzaunguza ngati wakuba si iyeyo."

Patatsala sabata imodzi, Ramsey anafika pa chimene ankafuna.

"Iye adzabwera ndi zake. Iwe udzabwera ndi chiyani? Manjamanja?"

"Ndichite bwanji tsono?"

"Kwanu kuli mtovu, si choncho? Tizidutswa tija bambo ako amapanira ku chingwe chakunsi kwa ukonde kuti uzimira. Tenga tiwiri, utisule tikhale topyapyala, topindika motsata mfundo za zala. Woyendera ndi mmodzi, zipinda ndi ziwiri. Akasayina kwa iwe n'kupita kwa Lewis, timangotilowetsa kunsi kwa bandeji kudzera kuzala. Siginecha ili pomwepo. Magolovesi a pa boma ndi akale, siponji yake inatha."

"Achimwene, si kuba kumeneko?"

"Kuba n'kutani? Ukungofananitsa. Iye anayamba."

Lachinayi masana, bambo Usman akubwera kuchokera kudoko anamva hamala ikulira kuseri kwa nyumba. Anapeza mwana wawo atanjuta pa mwala, akusula mtovu.

"Ukonde wake uti umenewo?" anafunsa.

Zaidi anadzidzimuka, hamala n'kugwa. "Wa mnzanga wa ku Bua, bambo."

"Dzina lake?"

"Amiri."

Bambo Usman anatola kachidutswa kamodzi n'kukatembenuza. Zaka makumi atatu akugwira mtovu, sanaonepo wa ukonde wosulidwa chotero.

"Ameneyu Amiri nsomba zake zimakhala ndi zala?" anafunsa motsitsa mawu. Zaidi anayang'ana pansi. "Tandiyang'ana. Sindikudziwa chimene ukukonza, koma mtima wanga ukukana. Manja amenewa umawasamba kasanu pa tsiku n'kuwakweza kwa Allah. Woyendera ukhoza kumupusitsa, ine ukhoza kundipusitsa. Nanga Iyeyo? Ngati ukuopa kugonja, gonja. Kugonja si haramu, si tchimo."

"Wallahi, bambo, ndi za ukonde."

Analumbira, mwana wa Usman, analumbira pa bodza dzuwa likuswa mtengo. Bambowo anaika tizidutswato m'thumba la mkanjo wawo n'kulowa m'nyumba. Iwo atapita ku mzikiti, Zaidi anatenga tina tiwiri n'kukatisulira kutchire.

Loweruka masana holo ya pa boma inadzaza mpaka ena anakwera m'mawindo. M'mawa Zaidi ndi Lewis anali atakwera sikelo, dokotala n'kuwayeza. Bambo Usman anakhala pa benchi yakutsogolo. Kanali koyamba kuti abwere kudzaonera mwana wawo.

M'chipinda chovalira a Steward anamanga Zaidi bandeji, kochi wa Lewis akuonerera monga mwa lamulo. Woyendera, mkulu wa imvi wovala magalasi, anafinya dzanja lililonse, anasayina ndi cholembera chakuda, n'kunena kuti, "Tiyeni kwa winayo." Onse anatuluka, a Steward nawonso, chifukwa inali nthawi yawo yokaonerera ya Lewis. Pakhomo a Steward anacheuka.

"Usakhudze kanthu. Ndikubwera."

Chitseko chisanatsekeke bwino, Ramsey analowera pawindo. Kulowetsa tizidutswa tija kunsi kwa bandeji kunatenga nthawi yochepa kwambiri. Mtovuwo unali wozizira pa mfundo za zala za Zaidi. Mwayi wokana unalipo. Akanatha kungotambasula dzanja n'kutigwedeza tigwe. Koma kuchipinda chinacho kunamveka kuseka, ndipo wina anayankhula Chitonga.

"Wamva?" Ramsey ananong'ona. "Akukuseka iwe."

Zaidi analowetsa manja m'magolovesi, Ramsey n'kutuluka kudzera pawindo lija. A Steward pobwera anamupeza atavala kale.

"Wakuveka ndani?"

"Ndavala ndekha, aphunzitsi. Ndimafuna nditenthetse thupi."

A Steward anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana pawindo. Koma kunja anali atayamba kale kuitana mayina, ndipo anangomanga zingwe za magolovesiwo.

Pakati pa bwalo woyimbira anabwereza malamulo, n'kuwauza kuti agundanitse magolovesi. Lewis anamwetulira. "Tisewere bwino, aise," anatero. Zaidi anamva ngati akumunyogodola.

Raundi yoyamba Lewis anali patsogolo. Ankalowa, kumenya, n'kutuluka. Koma nkhonya imodzi ya Zaidi itagwera pamkono wake, nkhope yake inasintha. Anabwerera m'mbuyo akugwedeza mkonowo, n'kuyang'ana magolovesi a mnzakeyo modabwa.

Mu raundi yachiwiri Zaidi anamupanikizira pakona. Anaponya dzanja lamanja ndi mphamvu zake zonse, ndi mkwiyo wonse wa miyezi iwiri, ndipo linafikira pa diso lakumanzere. Kunamveka kuti thyo, ngati nthambi youma. Lewis sanagwe ngati wokomoka. Anagwada, anagwira kumaso, n'kukuwa mokweza ngati mwana. Magazi anatsika kudzera m'magolovesi ake mpaka m'zigongono.

Woyimbira sanawerenge n'komwe. Anaimitsa nkhonyazo n'kukodola dokotala. Anthu a ku Liwaladzi anali atayamba kuvina, akuimba dzina la Zaidi, ndipo iye anakweza manja. Ku Lilongwe kunali kwake tsopano.

Dokotala anachotsa manja a Lewis kumaso, anayang'ana, n'kuimirira msanga. "Fupa lasweka. Golovesi silichita chonchi," anatero mokweza.

Zaidi anayamba kulowera kuzingwe kuti atsike, koma dzanja linamugwira pamkono. Anali a Steward.

"Vula pompano."

"Ndikavulira m'chipinda, aphunzitsi."

"Pompano, pamaso pa woyendera."

A Steward anamasula zingwe okha n'kukoka golovesi lamanja. Siginecha inali pomwepo, koma bandejiyo inali itanyowa magazi a Zaidi mwini, chifukwa mtovu unamucheka nayenso. Woyendera anatenga sizasi n'kudula. Kachidutswa kotuwa kanagwa pansi. Anadula kumanzere, kenanso kanagwa.

"Nayenso ali nazo!" Zaidi anakuwa. "Muoneni Lewis! Anayamba ndi iyeyo ku Dwangwa! Mukumubisa chifukwa ndi wanu!"

Woyendera sanatsutse. Anapita pomwe anagoneka Lewis, anamuvula magolovesi, n'kudula bandeji zonse ziwiri anthu akuona. Anazitambasula m'mwamba, mbali iyi ndi mbali iyo. Munali nsalu ndi tepi basi.

Zaidi anaunguza m'khamumo kufuna Ramsey. Ramsey kunalibe, ndipo ku Liwaladzi sanaonekenso. M'malo mwake Zaidi anaona bambo ake, ataima pafupi ndi zingwe, akuyang'ana mtovu uli pansiwo. Anauzindikira. Sanakalipe, sanatukwane. Misozi inkangotsika n'kulowa m'ndevu zawo, ndipo kwa Zaidi zimenezo zinawawa kuposa chikwapu.

Ku Lilongwe kunapitadi munthu tsiku limenelo, koma pa ambulansi. Madokotala kumeneko anayesetsa, diso silinapulumuke. Zaidi anatuluka m'holomo apolisi atamugwira uku ndi uku, akumutchinga kwa anyamata a ku Dwangwa amene ankafuna kumukhadzula. Sabata isanathe, akuluakulu oyendetsa masewerowa analemba kalata yomuchotsa moyo wake wonse. Kalabu ya a Steward anaitseka chaka chathunthu, ndipo ana makumi awiri amene sanalakwe kanthu anasowa kophunzirira.

Kukhoti, woweruza atamufunsa ngati akuvomera mlandu wovulaza munthu mwadala, Zaidi anayang'ana makolo ake. Akanatha kukankhira zonse kwa Ramsey, ndipo mawuwo anali atafika kale pakamwa. Koma anali atatopa ndi bodza.

"Ndikuvomera, bwana. Wina anandiuza, koma ndinasula ndine, ndinavala ndine, ndinamenya ndine."

Anamugamula zaka zinayi akugwira ntchito yakalavulagaga. Mayi Habiba anagwa pansi ndi kulira, ndipo amene anawadzutsa n'kuwapukuta misozi ndi chitenje chawo anali mayi Julia.

Akudikira galimoto ya kundende pakhonde la khotilo, Lewis anabwera atagwidwa dzanja ndi mlongo wake. Kumanzere kwa nkhope yake kunali kophimbidwa ndi nsalu yoyera. Ntchito ya thirakitala inali itatha, chifukwa sakanaloledwanso kuyendetsa ndi diso limodzi. Anapempha wapolisi kuti ayankhule ndi mkaidiyo pang'ono.

"Ndili ndi funso limodzi lokha," anatero. "Ndinakulakwira chiyani?"

Zaidi anagwada, unyolo uli m'manja. "Ndikhululukire, Lewis. Ndinkaganiza kuti ku Dwangwa unaika zinthu m'bandeji. Ndinkaganiza kuti sungandigwetse ndi dzanja lokha."

Lewis anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ukamaponya theche lakumanzere umatsitsa dzanja lamanja, chibwano n'kukhala poyera. Aliyense amaona. Ndi zokhazo, aise. Ukanandifunsa, ndikanakuuza tsiku lomwelo."

"Ndikhululukire."

"Ndiyesetsa. Ansembe kutchalitchi akuti ndiyenera kutero, ndipo ndikupempha Mulungu andithandize. Koma lero sindingakunamize kuti ndatha." Anatembenuka kuti azipita, ndipo phewa lake lakumanzere linagunda chipilala chimene sanachione. Mlongo wake anamukokera kumbali. Zaidi analira mokweza mpaka galimoto inafika.

Inu anyamata ndi atsikana amene mukuwerenga nkhaniyi, chenjerani. Tchimo la Zaidi silinayambe tsiku limene anatenga mtovu. Linayamba tsiku limene anakana kuvomera kuti wagonja, n'kutsegula khutu kwa munthu womuuza kuti anzake onse ndi achinyengo. Kukayikira anthu popanda umboni kumabala chidani, ndipo chidani chimakupatsa chilolezo chochita choipa chomwecho chimene ukunamizira ena. Malamulo a masewero sanaikidwe kuti akuphereni mwayi. Anaikidwa kuti nonse awiri mubwerere kwa amayi anu muli athunthu. Wina akakuuzani kuti phwanyani lamulo chifukwa enanso akuphwanya, muthaweni, ndipo kafunseni makolo ndi aphunzitsi anu zinthu zisanafike poipa.

Zaidi analapa, ndipo tikhulupirira kuti Mulungu wachifundo anamva. Zaka zinayi zidzatha, adzatuluka n'kubwerera ku Liwaladzi ndi manja ake onse awiri. Lewis adzakalamba ndi diso limodzi.